Momwe mungaonetsere ana kusintha kwa zinthu zolimba, zamadzimadzi ndi zampweya popanda labotale

Phunziro la mikhalidwe itatu ya zinthu, kutanthauza zolimba, zamadzimadzi ndi zampweya, ndi limodzi mwa maphunziro a sayansi amene ana ambiri amaloweza bwinobwino koma osawamvetsa. Mwana akhoza kulemba pa mayeso kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma mukamufunsa chimene chili mkati mwa thovu la madzi owira, kapena kumene achokera madzi amene ali kunja kwa botolo la chakumwa chozizira, amangoti kakasi. Aphunzitsi a ku Malawi amadziwa bwino mfundo ya TALULAR, yolimbikitsa kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo ndikuona kuti palibe mutu wa sayansi umene mfundoyi imaugwira bwino kuposa uno, popeza khitchini iliyonse ili kale ndi moto, madzi, mchere ndi poto. Malangizo ali m'munsiwa ndi a mphunzitsi, kholo kapena mkulu wa ana amene akufuna kuti anawo aone ndi maso awo. Mfundo imene muyenera kuigwiritsitsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi yakuti chinthu chikasintha mkhalidwe sichisanduka chinthu china. Chimene chachitika n'chakuti kutentha kwalowa kapena kwatuluka, ndipo funso lofunsa ana pa chionetsero chilichonse ndi lakuti kutenthako kwachokera kuti, nanga kwapita kuti.

Sonkhanitsani poto wokhala ndi chivindikiro, ketulo ya mlomo, mbaula ya makala kapena sitovu, matambula awiri agalasi, mabotolo apulasitiki, beseni, mbale yakuda kapena yachitsulo, mchere, shuga, kandulo, machesi, sipiliti pang'ono, timapepala tapulasitiki ta mafizesi, sirinji yatsopano yopanda singano ndi ayezi. Ayezi mukhoza kumugula kwa ogulitsa nsomba kapena mafizesi ngati panyumba palibe firiji, ndipo mukamukulunga m'nsanza kapena m'thumba la utuchi amakhala maola angapo. Chida chimodzi chokha chimene chingakuvuteni ndi themomita yoyeza kuyambira pansi pa 0 mpaka kupitirira 100. Ya kuchipatala, yoyezera kutentha kwa thupi, siithandiza chifukwa imalekezera pa madigiri pafupifupi 42, ndipo yagalasi imasweka ikalowa m'madzi owira. Bwerekani ya kusukulu ya sekondale yapafupi kapena gulani yoyezera zakudya. Ngati yasoweratu, zionetsero zambiri zichitikabe, kupatula ziwiri: kuyeza kutentha kwa ayezi amene akusungunuka ndi kwa madzi owira.

Yambani ndi kusiyanitsa mikhalidwe itatuyi

Ikani mwala m'tambula, kenako muusamutsire m'mbale. Chitani chimodzimodzi ndi madzi. Ana aona okha kuti mwala sunasinthe maonekedwe, pamene madzi atengera maonekedwe a chiwiya chimene alimo ngakhale kuchuluka kwawo sikunasinthe. Mpweya ndiwo umavuta, chifukwa ana ambiri amakhulupirira kuti tambula yopanda madzi ilibe kanthu. Finyani pepala louma, mulikanikizire pansi pa tambula kuti lisagwe, ndipo muvundikire tambulayo m'beseni la madzi molunjika, kukamwa kwake kuli pansi. Mukaitulutsa pepala likhala louma, chifukwa mpweya umene unali m'tambulamo unakana kupereka malo kwa madzi. Ipendekeni pang'ono ili m'madzi momwemo kuti ana aone mpweyawo ukuthawa ngati thovu.

Tsopano tengani sirinji. Kokerani mpweya, tsekani kukamwa kwake ndi chala, ndipo mukankhe. Mpweya upanikizika mpaka kufika theka kapena kuchepera apo, ndipo mukasiya ubwerera. Dzazani madzi m'sirinji yomweyo n'kuchita chimodzimodzi: ngakhale mwana wamphamvu kwambiri m'kalasi alephera kuisuntha. Apa m'pamene muyenera kufotokoza kuti chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, timene pa madzi timatchedwa mamolekyu, ndipo tinthuti sitikhala chete. M'chinthu cholimba tagwirana mwamphamvu ndipo timangonjenjemera pamalo pomwepo. M'chamadzimadzi tidakali toyandikana koma timatha kudutsana. Mumpweya tatalikirana kwambiri ndipo timathamanga mbali zonse, n'chifukwa chake pali mpata wotipanikiza. Kuti mfundoyi ikhazikike, auzeni ana kuti aime m'mizere atagwirana mapewa n'kumagwedezeka osachoka pamalo, kenako asiyane n'kumayenda modutsana koma mothithikana, ndipo pomaliza amwazike m'bwalo lonse akuthamanga. Auzeni kuti kuwomba kwanu m'manja ndiko kutentha: mukawomba mofulumira iwo afulumire, mukachepetsa abwererenso kuyandikana.

Pafupifupi nthawi zonse pamapezeka mwana wochenjera amene amafunsa za ufa kapena mchenga, popeza nazonso zimathiridwa ndipo zimatengera maonekedwe a chiwiya. Funsoli n'labwino, musalikankhire kumbali. Thirani ufa patebulo ndi madzi pambali pake: ufa uunjikana mulu, madzi ayala. Kambewu kalikonse ka mchenga ndi kolimba pakokha, ndipo kali ndi maonekedwe ake amene sikasintha.

Ayezi, ndi themomita imene ikukana kukwera

Phwanyani ayezi kuti akhale tizidutswa ting'onoting'ono, mumuike m'tambula pamodzi ndi madzi pang'ono, ndipo mulowetsemo themomita. Takasani mosalekeza, ndipo mwana mmodzi aziwerenga themomita mphindi ziwiri zilizonse pamene wina akulemba pabolodi. Musanayambe, funsani ana kuti anene chimene akuganiza kuti chichitika. Ambiri anena kuti manambala azikwera pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, chifukwa m'chipindamo mukutentha. Chimene aone n'chosiyana: themomita itsika kufika pafupi ndi 0 n'kukhazikika pomwepo nthawi yonse imene ayezi adakalimo wokwanira, ndipo iyamba kukwera pokhapokha ayeziyo atatha.

Pamenepa musafulumire, chifukwa ndi pamtima pa phunziro lonse. Kutentha kwa m'chipinda kwakhala kukulowa m'tambulamo nthawi yonseyi, koma m'malo mokweza themomita, kwakhala kukugwira ntchito yomasula mamolekyu amene anagwirana mu ayezi. Katswiri wa ku Scotland, Joseph Black, ndiye anafotokoza za kutentha kobisikaku m'zaka za m'ma 1760 akuphunzitsa ku Glasgow. Kuchuluka kwake n'kodabwitsa: kusungunula kilogalamu imodzi ya ayezi kumafuna kutentha kofanana ndi kumene kungatenthetse kilogalamu imodzi ya madzi kuchoka pa 0 kufika pa madigiri pafupifupi 80. Ichi n'chifukwa chake wogulitsa chambo amagula ayezi m'malo mongothira madzi ozizira pansomba zake. Madzi ozizira amayamba kufunda nthawi yomweyo, pamene ayezi amameza kutentha kochuluka asanalole kuti nsomba zifunde.

Kuti muonetse kuti palibe chimene chatayika, mangani ayezi m'pepala lapulasitiki losadontha, mupukute kunja kwake, ndipo mumuyeze pasikelo asanasungunuke komanso atasungunuka, mutapukutanso. Kulemera kukhala komweko. Kukula ndiko kumasintha, ndipo pamenepa madzi ali ndi khalidwe lachilendo. Zinthu zambiri zimachepa zikamaundana, koma madzi amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Thirani madzi m'botolo lapulasitiki osadzaza, lembani mzere pamene alekezera, ndipo muliimike mufiriji usiku wonse. M'mawa ayezi akhala atapitirira mzerewo. Musayese ndi botolo lagalasi lotseka, chifukwa limaphulika. Kufufuma komweku ndiko kumachititsa kuti ayezi aziyandama pamwamba pa madzi.

Chionetsero chimene ana amachikonda koposa ndi kuundanitsa fizesi popanda magetsi. Sakanizani ayezi wophwanya ndi mchere wambiri, pafupifupi kapu imodzi ya mchere pa makapu atatu a ayezi, ndipo mukwirire m'katimo kapepala kakang'ono ka madzi a shuga komanga bwino. Kulungani chiwiyacho ndi nsalu n'kumachigwedeza. Mchere umakakamiza ayezi kusungunuka pa kuzizira kwa pansi pa 0, ndipo popeza kusungunuka kumafuna kutentha, ayeziyo amakulanda ku chilichonse chimene chili pafupi, kuphatikizapo kapepala kaja. Chisakanizo chotere chikhoza kutsika mpaka pafupi ndi madigiri 21 pansi pa 0, choncho ana asachigwire nthawi yaitali ndi manja. M'chiwiya chimodzi chomwecho chinthu china chikusungunuka pamene china chikuundana, ndipo kutentha kukuchoka kwa choundanacho kupita kwa chosungunukacho.

Phula la kandulo ndi shuga wa mu tiyi sizichita zofanana

Ana amasokoneza zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zofanana. Dulani kachidutswa ka kandulo, mukaike pasupuni yachitsulo ndipo mutenthetse pang'ono pamoto. Phula lisanduka lamadzimadzi lokha, popanda kuthirapo china chilichonse, ndipo mukalichotsa pamoto liumanso. Kenako thirani shuga m'madzi ozizira n'kutakasa. Shuga asowa, koma kutentha sikunamuchititse zimenezo. Mamolekyu ake angomwazikana pakati pa mamolekyu a madzi. Mchere ndi chitsanzo chomveka bwino kwambiri, chifukwa umasowa m'madzi ozizira m'kanthawi kochepa, pamene kuti mchere wouma usanduke wamadzimadzi ndi moto wokha pamafunika madigiri 801.

Chinthu chilichonse chili ndi mlingo wake. Amisiri amene amaumba mapoto kuchokera ku zidutswa zakale za aluminiyamu amakwanitsa kutero ndi makala ndi mvukuto chifukwa aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, pamene chitsulo chenicheni chimafuna madigiri opitirira 1,500. Mercury, amene amapezeka m'mathemomita akale, ndi chitsulo chimene chimakhala chamadzimadzi pa kutentha kwa tsiku ndi tsiku ndipo chimaundana pa madigiri pafupifupi 39 pansi pa 0. Ndi poizoni, kotero themomita yotere ikasweka ana asatole timadontho take tonyezimirato.

Madzi amene amachoka osawira

Sungunulani mchere wambiri m'madzi ochepa, muthire pambale yakuda ndipo muiike padzuwa. Pakutha kwa tsiku lotentha madzi akhala atapita, mchere utatsala woyera pambalepo. Funsani ana kumene madziwo apita. Ena anena kuti dzuwa lamwa, ena kuti mbale yamwa. Kuti muthetse mkanganowo, konzani mbale ina yofanana koma muivundikire ndi pepala lapulasitiki loonekera mkati. Timadontho timene tidzadza kunsi kwa pepalalo tionetsa kuti madzi anakwera m'mwamba ngati nthunzi yosaoneka. Pamwamba pa madzi pamakhala mamolekyu ena othamanga kuposa anzawo amene amatha kudumpha n'kulowa mumpweya, ndipo izi zimachitika pa kutentha kulikonse, ngakhale m'mwezi wa June.

Zinthu zimene zimafulumizitsa kuuma kotereku ana akuzidziwa kale kuchokera ku ntchito zapakhomo, ndipo ntchito yanu ndi kungowathandiza kuzitchula. Nyowetsani nsalu zinayi zofanana. Imodzi muiyanike padzuwa, ina pamthunzi, ina pamthunzi koma pamphepo, ndipo yotsalayo muisiye yopindapinda. Kutentha, mphepo ndi kutambasula zonse zimafulumizitsa, pamene chinyezi cha mumpweya chimachedwetsa, n'chifukwa chake zovala zimakanika kuuma masiku a chiperoni ngakhale mvula yeniyeni isakugwa. Asodzi amene amayanika usipa pathandala lokwezeka, kuti mphepo izidutsa pansi ndi pamwamba, akutsatira lamulo lomweli. Pamlingo waukulu, nyanja ya Malawi imataya madzi ambiri kudzera mu nthunzi kuposa amene amatuluka mumtsinje wa Shire, ndipo nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ili ndi madzi amchere ndipo inaphwa m'zaka monga 1968 ndi 1995.

Kenako donthezani sipiliti pang'ono kumbuyo kwa dzanja la mwana aliyense, kutali ndi moto, ndipo aziuzira. Amva kuzizira ngakhale sipilitiyo anali m'botolo lofunda. Mamolekyu amene akuthawa ndi amene ali ndi mphamvu zambiri, ndipo mphamvuzo akuzitenga pakhungu. Thukuta limagwira ntchito motero, ndipo mtsuko wadothi nawonso umaziziritsa madzi akumwa motero: madzi pang'ono amavuukira kunja kudzera m'timabowo ta dothi, n'kumauma, n'kumachotsa kutentha kwa amene atsala mkati. Yezani madzi a mumtsuko ndi a m'ndowa yapulasitiki imene yakhala pamalo amodzi, ndipo muyerekeze. Mtsuko wopakidwa penti kapena wokutidwa ndi pulasitiki umataya luso limeneli. Mphunzitsi wina wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, anatchukitsa m'zaka za m'ma 1990 njira yoika mphika m'kati mwa mphika unzake, pakati pake n'kuthira mchenga wonyowa, kuti masamba ndi tomato zisafulumire kuwonongeka. Ana akhoza kuiyesa ndi miphika iwiri yosiyana kukula, ndipo imagwira bwino m'nyengo youma monga October kusiyana ndi nthawi ya dzinja.

Kuwira

Ntchito ya pamoto ichitidwe ndi munthu wamkulu, ana ataima chapatali. Lamulo limene simuyenera kuliphwanya ndi lakuti musatenthetse madzi m'chiwiya chotsekedwa kotheratu, chifukwa madzi akasanduka nthunzi amafuna malo ochuluka kuwirikiza pafupifupi 1,700, ndipo chitini kapena botolo lotseka limaphulika.

Terekani poto wa madzi ndipo ana ayang'anitsitse pansi pake. Madzi akangofunda, timathovu ting'onoting'ono timamatirira m'mbali mwa poto. Uku sikuwira ayi. Ndi mpweya umene unali wosungunuka m'madzimo, womwe nsomba zimapuma, ndipo ukutuluka chifukwa madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. Pakapita nthawi poto amayamba kulira. Phokosolo limachokera ku mathovu a nthunzi amene akubadwa pansi potentha koma akuphwanyika asanafike pamwamba, pamene madzi sanatenthe mokwanira. Poto akasiya kulira n'kuyamba kubwata, mathovu akuluakulu akufika pamwamba, ndiye kuti madzi awira, ndipo mkati mwa mathovuwo muli madzi omwewo ali mumkhalidwe wa mpweya.

Lowetsani themomita, osaigunditsa pansi pa poto, ndipo muwerenge. Kenako kupizani moto kuti uyake kwambiri n'kuwerenganso. Madzi abwata mwaukali koma nambala siisuntha, monga zinachitikira ndi ayezi. Kutentha konse kowonjezerako kukuthera pa kulekanitsa mamolekyu kuti akhale nthunzi, ndipo ntchito imeneyi ndi yaikulu zedi: kusandutsa lita imodzi ya madzi owira kukhala nthunzi kumadya kutentha koposa kasanu kumene kumafunika kuti lita yomweyo ichoke pa 0 kufika powira. Mfundoyi ili ndi phindu kwa aliyense wogula makala. Nyemba zikangowira, kusonkhezera moto sikuzipsetsa msanga, kumangophwetsa madzi ndi kutha makala. Chofunika ndi kuvindikira poto ndi kusunga moto wongokwanira kuti zizibwata pang'onopang'ono. Mfundo yomweyi ikufotokoza chifukwa chimene kupsa ndi nthunzi kumapwetekera kuposa kupsa ndi madzi owira: nthunzi ikagunda khungu imabwerera kukhala madzi, ndipo kutentha konse kumene inameza imakutulira pakhungupo. Potsegula poto, chivindikiro chipendekere kutali ndi nkhope.

N'kutheka kwambiri kuti themomita yanu sifika pa 100, ndipo musathamangire kunena kuti ndi yowonongeka. Nambala ya 100 ndi ya malo otsika, ofanana ndi pamwamba pa nyanja yamchere. Mukamakwera kumtunda mpweya wopsinja pamwamba pa madzi umachepa, mathovu a nthunzi amapangika mosavuta, ndipo madzi amawira msanga, kutsika ndi digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse. Ku Nsanje, kumene kuli kotsika kwambiri, mupeza pafupi ndi 100. Ku Lilongwe, pa mamita opitirira pang'ono 1,000, muyembekezere pakati pa 96 ndi 97. Ku Dedza mupeza pafupi ndi 95, ndipo pansonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje, pa mamita 3,002, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90. Ndi bwino kuti ana alembe nambala imene aona m'malo mokopera ya m'buku, ndipo kenako afotokoze kusiyanako. Atsimikizireninso kuti madzi akumwa amene abwata bwinobwino amakhala atapha tizilombo toyambitsa matenda ngakhale sanafike pa 100. Poto wotseka mwamphamvu uja wotchedwa pressure cooker amachita zosiyana ndi phiri: amapanikiza nthunzi mkati kuti madzi awire pa madigiri pafupifupi 120, ndipo nyemba zimapsa m'nthawi yochepa. Iye ali ndi kabowo kotulutsira nthunzi yochuluka, kamene chitini wamba chilibe.

Sirinji ija ikhoza kutsimikizira zimenezi popanda kukwera phiri. Kokerani madzi otentha ndithu koma osawira, odzaza gawo laling'ono chabe la sirinji, tulutsani mpweya wonse, tsekani kukamwa ndi chala kapena kachotsekera, ndipo mukoke mwamphamvu. Madzi abwata m'sirinjimo. Mukasiya, mathovu asowa. Simunawonjezere kutentha kulikonse, mwangochepetsa kupsinja.

Kubweza nthunzi kuti ikhalenso madzi

Yang'anitsani ana pamlomo wa ketulo yowira, kumbuyo kwake mutaika chinthu chakuda. Pafupi penipeni ndi mlomo pali kampata kooneka ngati kopanda kanthu, ndipo utsi woyera umayambira patsogolo pang'ono. Nthunzi yeniyeni ili m'kampata kosaonekako. Choyeracho ndi timadontho ta madzi timene tapangika kale nthunziyo itakumana ndi mpweya wozizira, ndipo ndi chinthu chimodzimodzi ndi mtambo kapena nkhungu. Gwirani chivindikiro chozizira pa utsi woyerawo ndi nsalu yochindikala, ndipo madzi ayamba kudontha.

Za botolo lozizira limene limachita thukuta, ana ambiri amati madzi avuuka kuchokera mkati. Thirani m'tambula chakumwa cha mtundu wofiira kapena wachikasu pamodzi ndi ayezi, dikirani, ndipo mupukute kunja ndi pepala loyera. Pepala linyowa koma silisintha mtundu, ndipo madziwo alibe kukoma. Achokera mumpweya wa m'chipindamo, umene nthawi zonse umanyamula nthunzi yosaoneka. Mame a m'mawa amapangika motero paudzu umene wazizira usiku wopanda mitambo, ndipo chiperoni chimabwera pamene mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa, kumbali ya Mozambique, yakwera mapiri a Mulanje ndi Thyolo n'kuzizira.

Tsopano phatikizani kuwira ndi kubwerera kwa nthunzi m'chionetsero chimodzi. Thirani madzi amchere m'poto, ikani mwala wosalala pakati, ndipo pamwalapo mukhazike kambale kopanda kanthu kuti kakhale pamwamba pa madzi. Vindikirani ndi chivindikiro chozondotsa, chogwirira chake chikuloza m'kambalemo, koma osamata m'mbali, ndipo pamwamba pa chivindikirocho muthire madzi ozizira n'kumawasintha akafunda. Nthunzi ikwera, igunda chivindikiro chozizira, itsetsereka kupita pakati n'kudonthera m'kambale. Madziwo akazizira ana alawe: mulibe mchere. Afunseninso chifukwa chake madzi a pachivindikiro akufunda msanga, kuti aone kuti kutentha kumene nthunzi inatenga pamoto ikukubweza pamenepo. Ana okulira kumudzi azindikira kuti umu ndi momwe amatchezera kachasu, ndi paipi yodutsa m'madzi ozizira, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi pophunzitsa sayansi. Mowa wa mtundu wa ethanol umawira pa madigiri 78, kotero nthunzi yoyamba kutuluka imakhala ndi mowa wambiri kuposa yotsatira. Mafakitale a ethanol a ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amagwiritsa ntchito lamulo lomweli pa zotsalira za nzimbe, ndi zida zazikulu zoyezedwa bwino.

Ngati panyumba pali silinda ya gasi wophikira, igwedezeni pang'ono ili yotseka kuti ana amve kukhuvuka kwa zamadzimadzi mkati. Gasiyo anapanikizidwa mpaka kukhala wamadzimadzi, ndipo amabwerera kukhala mpweya mukatsegula. Mukaphika nthawi yaitali, kunsi kwa silinda kumazizira mpaka kuchita mame. Firiji imayenda pa mfundo imeneyi: mankhwala ake amasanduka mpweya m'mapaipi a mkati n'kumeza kutentha, kenako amapanikizidwa kukhalanso amadzimadzi m'mapaipi a kumbuyo n'kukutulira kunja, ndipo n'chifukwa chake kumbuyo kwa firiji kumafunda.

Zolumpha sitepe, ndi kandulo

Pali zinthu zina zolimba zimene zimasanduka mpweya osadutsa pa mkhalidwe wamadzimadzi. Timibulu toyera toika m'masutikesi pothamangitsa tizilombo todya zovala timachepa mlungu ndi mlungu osasiya chinyontho, ndipo fungo lake ndiwo mpweyawo. Tiike m'botolo loonekera mkati lotseka ndi kansalu, ana azingoyang'ana, chifukwa ndi poizoni tikamezedwa. Njira yobwerera imaoneka m'malo okwera monga ku Nyika m'miyezi ya June ndi July, kumene usiku wozizira kwambiri nthunzi ya mumpweya imaundana paudzu kukhala chisanu choyera. Ana akuluakulu mukhoza kuwauzanso kuti pali mkhalidwe wachinayi wotchedwa plasma, umene ndi mpweya wotentha kwambiri moti maatomu ake, tinthu topanga mamolekyu, ataya tina mwa tizigawo tawo totchedwa maelekitironi, ndipo umapezeka m'dzuwa ndi mu mphezi.

Chotsalira ndi kuthandiza ana kusiyanitsa kusintha kwa mkhalidwe ndi kusintha kumene kumabala chinthu chatsopano. Ayezi, phula ndi nthunzi zimabwerera mwakale mukabweza kutentha kapena kuzizira. Dzira lophika silibwerera, ndipo nkhuni zikapsa phulusa silingakhalenso nkhuni, chifukwa mamolekyu enieniwo asintha. Kandulo yoyaka ili ndi mitundu yonse iwiri pamalo amodzi, choncho ndi yabwino kuyesera ngati ana amvetsa. Iyatseni pamalo opanda mphepo ndipo afotokoze okha zimene akuona: phula lolimba likusungunuka m'kadziwe kozungulira chingwe, lina likutsetsereka m'mbali n'kuumanso, lina likukwera m'chingwe n'kusanduka mpweya chifukwa cha kutentha kwa lawi. Chimene chikuyaka ndi mpweya wa phulawo. Kuti mutsimikize, yatsiranitu kamtengo ka machesi, zimitsani kandulo mofatsa, ndipo nthawi yomweyo mufikitse motowo mu utsi woyera umene ukukwera, masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa chingwe, osachigunda. Lawi litsika mu utsimo n'kukayatsanso kandulo. Pomaliza vundikirani tambula youma ndi yozizira pamwamba pa lawi kwa kanthawi kochepa. Mkati mwake muchita nkhungu ya timadontho ta madzi, amene sanali m'kandulo ngati madzi koma apangika pamene phula lapsa ndi okosijeni wa mumpweya. Auzeni ana alembe m'makope mwawo, pa zonse zimene aona pakanduloyo, ziti zimene zingabwezedwe ndi kuzizira kokha ndi ziti zimene sizingabwezedwe, ndipo pa chilichonse anene kumene kutentha kwachokera ndi kumene kwapita.